Tayala la Kumbuyo Lisachoke Pansi: Nkhani ya Ma Shock a Njinga Yamoto

(Nyimbo yotsegulira)

 Kaya muli pakhonde mukudikira kuti nsima ipse, kaya muli pa siteji ya kabaza foni ili kukhutu, kaya muli m'galaja manja ali bii ndi oyilo, takulandirani. Sendezani mpando, tikhale limodzi.

Nkhani yathu lero ili pa njinga yamoto, makamaka kumbuyo kwake, m'munsi mwa chishalo. Kumeneko kuli zitsulo ziwiri zokulungidwa ndi sipulingi, china uku china uku, tayala lili pakati. Dzina lake lonse ndi shock absorber, koma amakaniko ndi anyamata a kabaza amangoti ma shock. Anthu ambiri amawakumbukira tsiku limene msana wayamba kuwawa, kapena wokwera akadandaula kuti, "Achimwene, pang'onopang'ono, mundithyola m'chiuno!" Zikatero mwini njinga amathamangira ku sitolo n'kukanena mawu awiri okha: "Ndikufuna olimba."

Koma kodi olimba ndiye abwino? Funso lathu lero ndi limeneli.

Mfundo yoti muigwiritsitse kuyambira pano ndi iyi: ntchito yaikulu ya shock ndi kusunga tayala la kumbuyo kuti lisachoke pansi. Kukhala mofewa pa chishalo n'kwabwino, koma kumabwera pambuyo. Tayala limene lili m'malere silingagwire buleki, silingakhote, silingakankhe njinga. Tibwereze: ntchito ya shock ndi kusunga tayala pansi.

Tiyenda motere. Tiyamba ndi zimene zimachitika m'kati mwa shock ndiponso kumene nzeruyi inachokera. Kenako tiona zinthu zitatu zimene mwini njinga wochenjera amachita motsatana: kuyang'ana, kutchera, ndipo kumapeto kwenikweni, kugula.

Shock iliyonse ili ndi mbali ziwiri, koma yooneka ndi imodzi, sipulingi. Sipulingi ndi imene imasenza njinga, woyendetsa, wokwera ndi katundu. Tayala likagunda mwala, iyo imafinyika n'kulandira nkhonyayo m'malo mwa msana wa munthu. Vuto lake n'lakuti sisunga kanthu. Mphamvu imene yalandira imaibweza yonse, ndipo itati ikhale yokha, njinga ikhoza kumangonjanja ulendo wonse, kukwera, kutsika, kukweranso.

Mbali yobisika ndiye imaletsa kunjanjako. Pakati pa sipulingi pali chubu chachitsulo chodzaza ndi oyilo. M'chubumo mumayenda pisitoni ya timabowo ting'onoting'ono, yolumikizidwa ku kandodo konyezimira kamene kamalowa ndi kutuluka. Shock ikamafinyika kapena kuwongoka, oyilo amakakamizika kudutsa m'timabowomo, ndipo poti njira ndi yothina, amadutsa mochedwa. Kuchedwa kumeneko n'kumene kumagwira sipulingi kuti isabwerere mwaukali. Mphamvu ya bampu ija imasanduka kutentha, n'chifukwa chake shock yamoyo imafunda ikayenda pa msewu woipa.

Taganizirani mayi amene wasenza ndowa yodzaza madzi, akutsika kachitunda pochokera ku mjigo. Mawondo ake amapindika pa phazi lililonse, koma sawongoka mwadzidzidzi. Minofu imawabweza modekha, ndipo madzi satayika. Kupindika kwa bondo ndiyo ntchito ya sipulingi, kubwerera modekhako ndiyo ntchito ya oyilo. Bondo louma gwa lingataye madzi, bondo lolobodoka lingatayenso madzi.

Choncho anthu akamati shock yatha, nthawi zambiri sipulingi imakhala ilipobe bwinobwino. Chimene chatha ndi oyilo: wachucha, kapena wakalamba n'kukhala wamadzimadzi.

Nzeru imeneyi sinabwere tsiku limodzi. Njinga zamoto zoyambirira zinalibe shock kumbuyo. Tayala linkamangidwa ku fulemu, ndipo timasipulingi tinkangokhala pansi pa chishalo. Woyendetsa ankapepukidwa pang'ono, koma tayala linkadumpha pa bampu iliyonse. M'zaka za m'ma 1930, makampani monga BMW ya ku Germany anayamba kuika timasipulingi tatifupi pafupi ndi ekiselo ya tayala. Pofika m'ma 1950, kapangidwe kamene tikukadziwa lero kanali katafala: chitsulo cha mphanda chogwira tayala, chimene chimakwera ndi kutsika, chotchedwa swingarm, ndi ma shock awiri m'mbali. M'zaka zomwezo katswiri wa ku France, Christian Bourcier de Carbon, anapanga shock ya mpweya wopanikizidwa m'kati. Nkhani ya mpweyayi tiipezanso tikafika pa kugula.

Mu 1973, Håkan Andersson wa ku Sweden anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa motocross, wothamanga m'matope ndi m'zitunda, atakwera Yamaha ya shock imodzi yokha yaitali, nzeru ya katswiri wa ku Belgium, Lucien Tilkens. Ubwino wake unali wakuti tayala linkatha kukwera ndi kutsika mtunda wautali osasiyana ndi nthaka. Makampani ena a ku Japan anatsatira, ndipo lero njinga zikuluzikulu zambiri zimakhala ndi shock imodzi yobisika pakati.

Nanga bwanji njinga zimene zadzaza m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu zikadali ndi ma shock awiri? Honda isanatulutse njinga yake ya CG125 mu 1975, akatswiri ake anayendera maiko monga Thailand ndi Indonesia. Kumeneko anaona njinga imodzi itanyamula bambo, mayi, ana ndi katundu, ikuyenda nthawi yaitali osaonedwa ndi makaniko. Atabwerera kwawo anapanga njinga yopirira ndi yosavuta kukonza, ndipo njinga zambiri za ku China zimene timaziona kuno zinatengera kapangidwe kameneko. Ma shock awiri ndi otsika mtengo, amasenza katundu pafupi ndi tayala penipeni, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo amawasintha ndi sipanala wamba. Bajaj ya ku India, pa njinga yake ya Boxer, inaikanso sipulingi yaing'ono m'kati mwa yaikulu kuti ziwirizo zizithandizana katundu akachuluka.

Tipume pang'ono. Tikabwerera tikhala pa galaja, kuona mmene makaniko wodziwa ntchito amapimira shock.

(Kanyimbo)

Takulandiraninso. Kwa inu amene mwangotipeza, tikukamba za ma shock a kumbuyo kwa njinga yamoto, ndipo tanena kuti ntchito yawo ndi kusunga tayala pansi. Tsopano chinthu choyamba mwa zitatu zija: kuyang'ana.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza amene amanyamula anthu pakati pa Ndirande ndi Limbe. Masiku ano njinga yake ikadutsa pa hampu imalira kuti gu! ndipo pokhota kumbuyo kumayendayenda. Wafika kwa makaniko ndalama ili kale m'manja. "Madala, ndiikireni atsopano." Makaniko wodziwa ntchito sathamangira kumasula bawuti. Amayamba wagwada.

Amayendetsa chala pa kandodo konyezimira kaja. Kakakhala kouma ndi kosalala, zili bwino. Chala chikabwerako ndi phala lakuda, oyilo wosakanikirana ndi fumbi, ndiye kuti kamphira kotseka oyilo kang'ambika ndipo oyilo akuthera pansi. Pa njinga zimene kandodoko kanabisika m'chivundikiro, umboni umaonekera m'munsi mwa chubu, pamene fumbi limamatirira n'kuda. Amayang'ananso ngati kandodo kali ndi dzimbiri kapena timabala, chifukwa kotere kamacheka kamphira kaja nthawi iliyonse kakalowa.

Kenako amaimirira, kutsindira kaliyala ndi mphamvu zake zonse, n'kusiya mwadzidzidzi. Shock yamoyo imabwerera kamodzi n'kukhala phee. Yakufa imatumphuka, kutsika, kutumphukanso, kawiri kapena katatu.

Sanathe. Amaimika njinga pa sitandi yapakati, kugwira tayala la kumbuyo ndi manja awiri, n'kuligwedeza cham'mbali. Tayala siliyenera kugwedera. Likagwedera, nthenda ili pa mabushi a swingarm kapena pa mabering'i a tayala, ndipo shock, idule bwanji, singaichize. Amaona timabushi ta mphira timene tili m'mabowo a shock, m'mwamba ndi m'munsi, chifukwa tikaphwanyika chitsulo chimagunda chitsulo chinzake, n'kumamveka phokoso lofanana ndi la shock yakufa. Amagogoda masipoko kuti amve ngati ena akhwefuka. Pomaliza amapima mpweya wa m'tayala. Oyendetsa ambiri amapopa mpaka tayala kuuma gwa, poopa kuti liphwa ndi katundu, kenako n'kumadabwa kuti njinga ikudumpha. Enanso amayenda ndi tayala lofewa, ndipo kumbuyo kumapepeluka pokhota. Mlingo woyenera umalembedwa m'kabuku ka njinga, ndipo pa njinga zambiri ulinso pa kapepala komata pafupi ndi tcheni. Mpweya umapimidwa tayala lili lozizira, ulendo usanayambe.

Nthawi zina mnyamata uja amachoka pa galaja atangogula timabushi ta mphira, ndalama yotsala n'kukagulira ufa.

Koma ngati chala chabwerako ndi oyilo, asazengereze. Pa msewu wa fumbi wa timabampu tondondozana, kapena pa tala pamene pakumbikakumbika, tayala la shock yakufa limagunda pansi mwa apo ndi apo. Woyendetsa akaponda buleki, tayala limagwira, kusiya, kugwira, kusiya, ndipo njinga imakaima patali kuposa pamene iye amayembekezera. Mwana akadumpha msewu mwadzidzidzi, mapazi ochepa amenewo ndi ambiri.

Tifike pa chinthu chachiwiri, kutchera. Apa pali chuma chimene ambiri analipira kale pogula njinga koma sanachikhudzepo. M'munsi mwa sipulingi muli kamkombero kachitsulo ka mano otsogozana, amene amakaniko amawatcha masitepe, ndipo nthawi zambiri amakhala asanu. Kamkomberoka kamazunguliridwa ndi sipanala ya ngowe, imene pa njinga zina imabwera m'kathumba ka zipangizo. Kakakwezedwa sitepe imodzi, sipulingi imayamba ulendo itafinyika kale pang'ono, motero kumbuyo kwa njinga kumakhala m'mwamba ngakhale pakhale katundu. Apa mumvetse bwino: kukweza sitepe sikusandutsa sipulingi kukhala yolimba. Kumangosintha malo amene njinga imakhazikika munthu akakhalapo.

Nanga iyenera kukhazikika pati? Amisiri a ma shock ali ndi muyezo wosavuta kukumbukira. Mtunda wonse umene kumbuyo kwa njinga kungatsike muugawe patatu. Munthu akakhala pa chishalo, njinga itsike pafupifupi gawo limodzi. Magawo awiri otsala ndi olandirira mabampu. Gawo limodzi lija nalonso lili ndi ntchito yake: tayala likakumana ndi dzenje, shock imakhala ndi poti iwongokere, ndipo tayala limatsikira m'dzenjemo n'kupeza nthaka m'malo molendewera. Mwaona kuti tabwereranso pa mfundo yathu? Tayala lisachoke pansi.

Kuyeza kwake kumafuna anthu atatu ndi tepi yoyezera, kapena kamtengo kowongoka. Njinga iime pa sitandi yapakati, tayala la kumbuyo lili m'malere. Mmodzi ayeze kuyambira pa ekiselo ya tayala kukafika pa malo ena a kaliyala amene ali pamwamba pake ndendende, ndipo pamalopo aikepo chizindikiro ndi choko. Kenako njinga itsike pa sitandi, mwini wake akhalepo mapazi ali pa zopondera, pamodzi ndi katundu amene amanyamula masiku onse. Wachitatu agwire kutsogolo kuti isagwe. Woyeza uja ayezenso pa malo omwe aja. Kusiyana kwa miyezo iwiriyo ndiko kutsika kwa njinga. Pa njinga zing'onozing'ono zambiri kumayenera kukhala cha m'ma sentimita atatu, kapena kuti zala ziwiri zogundana. Kukapitirira kwambiri, akweze sitepe. Kukachepa kwambiri, atsitse. Ndipo chimene wachita kumanja achitenso kumanzere, ma shock onse awiri akhale pa sitepe imodzi.

Tengani anthu awiri amene agula njinga zofanana. Woyamba ndi mphunzitsi wa ku Mchinji, wochepa thupi, amene amapita ku sukulu yekha ndi chikwama cha makope. Mnzake wina anamukwezera ma shock mpaka sitepe yomaliza, akuti njinga izioneka yamphamvu. Iye akakhalapo njinga sitsika n'komwe, ndipo pa msewu wa miyala tayala limangodumphadumpha, mano akugundana. Wachiwiri ndi wa kabaza amene amachokera ku msika wa Mitundu atanyamula mayi ndi thumba la mbatata. Njinga yake ikadali pa sitepe yotsika. Kumbuyo kumakhala pansi, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kunjenjemera, ndipo usiku nyali yake imaunika nthambi za mitengo ndi maso a oyendetsa anzake m'malo mwa msewu. Pa hampu iliyonse shock imafika pamapeto, gu! Onse awiri amanena mawu amodzi: "Ma shock a njinga imeneyi ndi achabechabe." Chonsecho aliyense wa iwo akanathandizika ndi sipanala ya ngowe pa mphindi zochepa, osalipira kanthu.

Tsono zimachitika kuti munthu wakweza mpaka sitepe yomaliza, njinga ikutsikabe mopitirira. Pamenepo sipulingi yachepa mphamvu poyerekeza ndi ntchito imene ikupatsidwa. Kapena oyilo wachucha, monga tinaonera pa galaja paja. Apo ndiye nthawi yogula yakwana, ndipo tikamba zimenezi tikabwerera.

(Kanyimbo)

Tikupitiriza. Tayang'ana, tatchera, tsopano chachitatu: kugula. Wogula wanzeru amalowa m'sitolo shock yakale ili m'manja, mafunso anayi ali m'mutu.

Funso loyamba ndi la kutalika. Shock imayezedwa kuyambira pakati pa bowo la m'mwamba kukafika pakati pa bowo la m'munsi, ndipo yatsopano ifanane ndi yakale. Wogulitsa akhoza kunena kuti, "Bwana, iyi imalowa pa njinga iliyonse." Kulowa ingalowe, koma yaitali imakweza kumbuyo n'kuweramitsa kutsogolo, ndipo chiwongolero chimayamba kukhota msanga kuposa mmene dzanja lafunira. Tcheni chimayamba kukhula pa swingarm, sitandi yapakati imalephera kunyamula tayala, ndipo pa sitandi ya m'mbali njinga imapendekeka kwambiri. Yaifupi nayo ili ndi mlandu wake: katundu akalemera, tayala limakakhula pa madigadi.

Funso lachiwiri ndi la momangira. Kukula kwa bowo kugwirizane ndi bawuti, ndipo ma shock ena m'munsi mwake muli mphanda m'malo mwa bowo. Sipulingi yonenepa kwambiri ikhoza kugunda chivundikiro cha tcheni kapena ekizozi. Shock imene ikufuna nyundo kuti ilowe si ya njinga imeneyo.

Funso lachitatu ndi la sipulingi, ndipo apa ndi pamene mawu aja akuti "ndikufuna olimba" amapweteketsa anthu. Sipulingi yolimba mopitirira katundu wake sifinyika pa timabampu ting'onoting'ono. Nkhonya yonse imapita ku fulemu, ku masipoko, ku msana wa wokwera, ndipo tayala limadumpha m'malo motsata msewu. Mphunzitsi wa ku Mchinji uja sakufunika sipulingi ya wa kabaza wa ku Mitundu. Kwa munthu amene katundu wake amasinthasintha, popita ali awiri pobwera ali yekha, pali masipulingi amene mizere yake ndi yothithikana mbali imodzi ndi yotalikirana mbali inayo. Otere amayamba mofewa, n'kumalimba akamafinyika kwambiri.

Funso lachinayi ndi la m'kati. Njinga ikayenda nthawi yaitali pa msewu woipa, oyilo wa m'shock amatentha n'kuyamba kuchita thovu. Thovu limadutsa m'timabowo tija mosavuta, ndipo shock imene inali bwino m'mawa imayamba kunjanja masana. Nzeru ya de Carbon ija ndiye mankhwala ake: mpweya wa nitrogen wopanikizidwa umatsindira oyilo kuti asachite thovu. Pa ma shock ena mpweyawo umakhala m'kabotolo ka m'mbali, monga tikuonera pa Bajaj Pulsar zambiri. Kwa woyenda maulendo ataliatali a m'fumbi ndi katundu, shock ya mpweya ndi ndalama yogwiritsidwa bwino. Kwa woyenda pa tala kuchokera kunyumba kupita ku ofesi, shock wamba ya oyilo, bola ikhale yeniyeni, ndi yokwanira.

Koma samalani ndi kabotoloko. Pa msika pali ma shock otsika mtengo, a sipulingi yofiira kapena yachikasu yowala, amene kabotolo kawo ndi kokongoletsera chabe, kosalumikizana ndi oyilo wa m'kati. Maso sangasiyanitse msanga. N'chifukwa chake ndi bwino kugula kwa wogulitsa wodziwika, kutenga lisiti, ndi kugwirizana zobweza ngati katunduyo sakugwira ntchito. Mwini njinga angathenso kudzipimira yekha atayenda ulendo pa msewu wa mabampu: akhudze shock ya mbali imene kulibe ekizozi. Yogwira ntchito imakhala yofunda, pamodzi ndi kabotolo kake. Ndipo shock ya mpweya, ngakhale itatha, isaboolodwe kapena kuponyedwa pamoto, chifukwa ikhoza kuphulika.

Mwina munamvapo mayina akuluakulu. Öhlins ya ku Sweden, imene Kenth Öhlin anaiyambitsa mu 1976, inatchuka m'mipikisano, ndipo mtengo wa ma shock ake awiri ungafanane ndi wa njinga yonse ya kabaza. Showa ndi KYB za ku Japan zimapangira ma shock makampani opanga njinga. YSS ya ku Thailand imapanga ambiri a njinga zing'onozing'ono za mtundu umene timayendera kuno. Koma dzina palokha silisenza katundu. Kwa njinga imene yakhala ikuyenda ndi ma shock opanda oyilo, kungoika atsopano enieni a mtundu wake womwewo n'kusintha kwakukulu kale, ndipo woyendetsa amamva kusiyana pa hampu yoyamba.

Ma shock amagulidwa awiriawiri. Watsopano mbali imodzi, wotopa mbali inayo, swingarm imapotoka pa bampu iliyonse. Ogwiritsidwapo kale ntchito ndi otchipa, koma wogulitsa akawatsuka bwino umboni wa oyilo wochucha umachoka, ndipo m'kati simuoneka.

Tsopano za kumanga. Makaniko wosamala amasintha mbali imodzi, akamaliza n'kupita kwinako, kuti tayala lisagwe. Mabawuti amawamanga pang'ono kaye, kutsitsa njinga pa sitandi, n'kumalizitsa kumanga njinga itaima pa matayala ake, kuti timabushi ta mphira tisakhale topotoka kuyambira tsiku loyamba. Akatero amayezanso kutsika kuja, zala ziwiri zija. Amaona tcheni mwini njinga atakhalapo, chifukwa tcheni chimene chikuoneka cholendewera njinga ili pa sitandi chimakungika munthu akakwera. Chikakungika mopitirira chimaletsa shock kugwira ntchito, ndiponso chimadya mano a sipuroketi ndi mabering'i. Amawongolanso nyali. Ulendo woyamba ukhale wapang'onopang'ono, pa msewu wodziwika, kuti dzanja lizolowere.

Pali ena amene amawotcherera zitsulo zowonjezera n'kuika ma shock awiri mbali iliyonse kuti njinga izinyamula matumba ambiri. Njinga imaleka kukhala pansi, zoona, koma fulemu ndi yomweyo, masipoko ndi omwewo, mabuleki ndi omwewo. Kabuku ka njinga iliyonse kamanena kulemera kumene ingasenze, ndipo shock yatsopano sisintha nambala imeneyo. N'chimodzimodzi ndi kunyamula anthu awiri kapena atatu kumbuyo, zimene apolisi a pamsewu amaletsa nthawi ndi nthawi pamodzi ndi kuyenda opanda chisoti. Malo oika katundu nawonso ndi ofunika. Thumba lomangidwa kumapeto kwenikweni kwa kaliyala, kuseri kwa tayala, limanyamula kutsogolo kwa njinga. Lomwelo likasendezedwa pafupi ndi msana wa woyendetsa, njinga imamvera.

Ma shock atsopano amafunanso chisamaliro chochepa. Nthawi ya dzinja matope amaumira pa kandodo konyezimira kaja, ndipo mchenga wake ndi umene umacheka kamphira kotseka oyilo. Madzi ndi kansalu kofewa madzulo n'zokwanira.

Nthawi yatithera, tiyeni tikumbutsane. Ntchito ya shock ndi kusunga tayala la kumbuyo pansi. Sipulingi imasenza, oyilo amaletsa kunjanja. Mwini njinga amayamba ndi kuyang'ana, kenako kutchera, ndipo kugula kumabwera pomaliza, shock yakale ili m'manja, kutalika kwake kutayezedwa, katundu wa masiku onse ataganiziridwa.

Tikusiyireni mafunso oti mukambirane ndi anzanu pa siteji kapena kunyumba. Inu amene muli ndi njinga, ma shock anu ali pa sitepe iti, ndipo anaika pamenepo ndani? Munayamba mwatsindira kaliyala n'kuona kuti njinga ikubwerera kangati? Ndipo inu amene mumakwera kabaza tsiku ndi tsiku, njinga ikamalira kuti gu! pa hampu iliyonse, mumamuuza woyendetsa kapena mumangolipira n'kutsika?

Mu pulogalamu yotsatira tidzapita kutsogolo kwa njinga, kukaona mafoloko ndi oyilo wake.  Yendani bwino, chisoti chili kumutu. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera)